Mmene Ine ndi Mwana Wanga Tinapangira Selo ya Chomera ndi Katoni ya Nsapato

Ndimagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga m'makomo a anthu kumpoto kwa Johannesburg, ndipo manja anga anazolowera dothi kuyambira ndili mwana kwathu ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, kumene mbatatesi ndi kabichi ndizo zinkatigulira makope ndi yunifolomu. Ngakhale zili choncho, tsiku limene mwana wanga wamkazi anabwera ndi pepala lochokera kwa aphunzitsi ake a Natural Sciences, lonena kuti aliyense wa m'Giredi 9 apange chifanizo chogwirika cha selo ya chomera (kamodzi ka tizipinda tating'ono kwambiri timene timapanga thupi la chomera), ndinapeza kuti pafupifupi mawu onse ofunika papepalapo anali achilendo kwa ine. Ndikulemba zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti makolo ambiri a Chimalawi amene tikulera ana kuno ku Joni timakumana ndi ntchito yomweyi m'teremu yoyamba, ndipo ambiri timaganiza kuti palibe chimene tingathandize kupatula kutulutsa ndalama.

Kunali kumayambiriro kwa February, ndipo anawo anapatsidwa masabata awiri. Pepalalo linatchula zigawo zisanu ndi ziwiri zimene zinayenera kuoneka ndi kulembedwa mayina: cell wall, cell membrane, cytoplasm, nucleus, vacuole, chloroplast ndi mitochondria. Kuseri kwake kunali kabokosi kosonyeza mmene malikisi adzagawidwire, kamene anawo amakatcha rubric. Tsamba lakuserilo sitinaliwerenge usiku woyamba, ndipo kusaliwerengako kunatitayitsa masiku anayi. Mwanayo anali ataonera kale mavidiyo a pa YouTube osonyeza selo yopangidwa ndi jele ndi zipatso, yonyezimira bwino, ndipo mtima wake unali utakhazikika pamenepo. Ine ndi mayi ake tinavomera chifukwa zinkaoneka zachangu komanso zotsika mtengo.

Loweruka madzulo tinasungunula mapaketi atatu a jele wachikasu, n'kumuthira m'kontena ya ayisikilimu ya malita 2, ndipo mkati mwake tinaponyamo mphesa zobiriwira, nthanga ya peyala ndi tizidutswa ta chinanazi chimene ndinagula pamsewu ku Rosettenville komwe timakhala. Tinaika kontenayo m'firiji imene timagwiritsa ntchito mabanja atatu a pabwalo pathu. Usiku umenewo magetsi anazima kwa maola angapo, ndipo m'mawa tinapeza madzi okhaokha, mphesa zitaunjikana pakona imodzi. Tinaganiza kuti vuto ndi magetsi, choncho tinaisiya m'firijimo tsiku lina lathunthu, koma jeleyo sanagwire ngakhale pang'ono. Mwanayo analira, ndipo ine ndinamva chisoni chifukwa ndalama ya jeleyo inali yoti tikanagulira ndiwo.

Amene anatimasulira nkhaniyi ndi mayi wina wa ku Zomba amene timakhala naye pabwalo limodzi, yemwe amagwira ntchito yophika m'nyumba ina ku Kensington. Atasuzumira m'kontenamo anauza mkazi wanga kuti: "Asisi, musawanamizire a magetsi. Chinanazi chachiwisi sichigwirizana ndi jele, chimodzimodzinso papaya. Mukafuna kuikamo, muziyamba mwachiphika kapena mugule cha m'chitini." Pambuyo pake mwanayo anafufuza ndipo anapeza kuti m'chinanazi chachiwisi muli enzyme (mankhwala achilengedwe ofulumizitsa kusintha kwa zinthu) yotchedwa bromelain imene imadula mapuloteni a gelatine, amene ndi omwe amagwiritsa jele, ndipo kutentha kwa moto kumaiwononga enzyme imeneyi. Mayi omwewo anatifunsanso funso limene sitinaliganizire, lakuti jeleyo akanagwira, akanayenda bwanji m'takisi ndi kutentha kwa February, n'kukhala m'kalasi mpaka nthawi ya phunzirolo. Pamenepo m'pamene tinatembenuza pepala lija, n'kuona kuti aphunzitsi anali atalemba kuti zifanizozo zidzakhala m'kalasi kwa sabata yathunthu, ndiponso kuti malikisi ambiri ali pa kulondola kwa zigawo ndi kufotokoza ntchito yake pamaso pa kalasi, pamene kukongola kunali ndi malikisi ochepa kwambiri.

Lolemba usiku tinayambiranso, koma ulendo uno tinayambira pabuku la kusukulu. Ndinamuuza mwanayo kuti aziwerenga m'Chingerezi kenaka azindifotokozera m'Chichewa, ndipo tinagwirizana lamulo limodzi: palibe chinthu cholowa m'chifanizocho pokhapokha iye atandiuza, m'chinenero chathu, chifukwa chake chinthucho chikuyenera kuimira chigawo chimenecho. Mwanayu anabwera kuno ali ndi zaka 6, ndipo Chichewa chake n'chosakanikirana ndi Chingerezi komanso Chizulu, moti poyamba ankadandaula kuti: "Adadi, zinthu zimenezi zilibe Chichewa." Ndinamuyankha kuti mayinawo angathe kukhala m'Chingerezi monga mmene alili, koma ntchito ya chinthu chilichonse iyenera kutheka kuifotokoza kwa agogo ake kumudzi. Tinazindikira msanga kuti pamene pakumukanika kumasulira ndi pomwe sanamvetse, ngakhale kuti ziganizo za m'bukumo ankazinena pamtima osaphonya.

Ine ndinaphunziranso zambiri usiku umenewo. Munthu woyamba kugwiritsa ntchito mawu akuti "cell" pa zamoyo anali Mngelezi wina dzina lake Robert Hooke, yemwe m'chaka cha 1665 anafalitsa zimene anaona atayang'ana kachidutswa kopyapyala ka khungwa la mtengo wa cork pa maikulosikopu. Anaona timabokosi tambirimbiri toyandikana ngati tizipinda, koma popeza khungwalo linali lakufa, chimene anaona chinali makoma okha, zamkati zitatha kale. Panapita zaka zoposa 170 kuti Matthias Schleiden, mu 1838, anene kuti zomera zonse n'zopangidwa ndi maselo, ndipo chaka chotsatira Theodor Schwann ananena chimodzimodzi za nyama. Kuchepa kwa maselowo ndiko kunandidabwitsa koposa. Maselo ambiri a zomera ndi apakati pa 0.01 ndi 0.1 mm, kutanthauza kuti ngakhale aakuluwo ayenera kundandalikana khumi kuti adzaze kampata kamodzi kakang'ono ka pa rula. Tinayeza katoni ya nsapato imene tinasankha ndipo inali yotalika masentimita 30, choncho mwanayo anawerengera kuti tikukulitsa selo ya 0.1 mm maulendo 3,000, ndipo nambala imeneyi anailemba pachivundikiro.

Katoniyo ndiyo inakhala cell wall, ndipo nkhani yake inandikhudza mtima kuposa mmene ndinkayembekezera. Khoma la selo ya chomera limapangidwa makamaka ndi cellulose, ulusi wolimba umene chomera chimaluka kuchokera ku shuga amene chimapanga chokha. Mapepala ndi makatoni amachokera ku mitengo yogayidwa, ndipo chimene chimatsala pambuyo pogaya ndi makamaka cellulose yemweyo, moti katoni yathu sinali kungofanizira khomalo koma inali yopangidwa ndi makoma enieni a maselo a mitengo. Thonje limene amalima ku Chikwawa ndi ku Balaka nalonso pafupifupi lonse ndi cellulose, ndipo kaulusi kalikonse ka thonje ndi selo imodzi yotalika. Mwanayo ankafuna kupaka katoniyo penti wobiriwira monga mmene zithunzi zambiri zimasonyezera, koma titawerenga tinapeza kuti khomalo palokha si lobiriwira, chifukwa kubiriwira kumachokera mkati. Tinaisiya ndi mtundu wake wa khaki, n'kumata timizere ta ulusi wa thonje topingasana kunja kwake ngati nsungwi za nkhokwe, ndipo m'mbali tinabowola timabowo ting'onoting'ono ndi msomali chifukwa maselo oyandikana amalumikizana kudzera m'timipata ta m'makoma awo.

Mkati mwa katoniyo tinayalamo pulasitiki yopyapyala yoonekera, yonga yokutira zakudya, ndipo tinaikanikiza kuti igunde khoma kumbali zonse n'kutulukira pang'ono pamwamba kuti izioneka payokha. Imeneyi ndiyo cell membrane. Ana ambiri amasokoneza zigawo ziwirizi, ndipo mwana wanga ankaganiza kuti khoma, poti ndi lolimba, ndilo limatsekereza zinthu kulowa. Zoona zake n'zakuti madzi ndi zosungunuka zambiri zimadutsa pakhomalo mosavuta, ndipo chosankha zolowa ndi zotuluka ndi kachikopa kopyapyalako. Mayi ake ndi amene anapereka chitsanzo chimene chinamuthandiza. Anadula beetroot, anatsuka zidutswazo mpaka madzi atayera, n'kuika zina m'kapu ya madzi ozizira ndi zina m'kapu ya madzi owira. M'madzi ozizira mtundu unangotuluka pang'ono, koma m'madzi owira munafiira nthawi yomweyo, chifukwa kutentha kunawononga tizikopato ndipo utoto umene unasungidwa mkati unatayikira kunja.

Titafika pa vacuole m'pamene ndinaona kuti ndili ndi chopereka chenicheni. Buku linanena kuti ndi thumba lalikulu la madzi, mchere ndi shuga limene lili pakati pa selo, ndipo m'selo yokhwima lingathe kutenga malo ochuluka kwambiri, nthawi zina kufika magawo 90 pa 100 aliwonse. Mwanayo anawerenga zimenezi mwachangu n'kufuna kupitirira, koma ine ndinamuimitsa, chifukwa ndinazindikira kuti chinthu chimenechi ndakhala ndikuchiona moyo wanga wonse. Kuseri kwa chipinda chathu ndimadzala mpiru ndi bonongwe m'zidebe zakale za penti. Masana a dzuwa loswa mtengo masamba ake amalefuka n'kuzolika pansi, koma ukathirira madzulo, pofika m'mawa amakhala ataimanso chilili ngati sanafotepo. Mpiru ulibe mafupa ndipo ulibe thunthu lolimba ngati la mtengo, choncho chimene chimauimika ndi madzi amene adzaza m'timatumbati n'kumakankha makoma a maselo kuchokera mkati.

Pofuna kuti amvetse, ndinatenga njinga imene ndimayendera popita kokwerera takisi n'kuphwetsa tayala lakutsogolo. Ndinamuuza kuti agwire tayalalo, ndipo linali lofewa ngakhale kuti mphira wake ndi wochindikala. Nditapopa, linalimba moti chala sichikanalowa. Kenaka ndinamufunsa chimene chingachitike ngati titatulutsa chubu m'tayala n'kumachipopa pachokha osaleka, ndipo anayankha kuti chingatupe mpaka kuphulika. Anakhala chete kanthawi, kenaka ananena yekha kuti: "Ndiye kuti, adadi, chubu ndi vacuole, tayala ndi cell wall. Popanda madzi khoma silingaimike tsamba, koma popanda khoma selo ingaphulike." Bukulo linatsimikizira zimenezi, chifukwa limanena kuti selo ya nyama, imene ilibe khoma, ikaikidwa m'madzi opanda mchere imatha kutupa mpaka kuphulika, pamene ya chomera imangolimba. Mawu amenewa sindinamuphunzitse ndine, ndipo atawanena ndinadziwa kuti ntchitoyi yasanduka yake.

Usiku womwewo tinayesa chinthu china chimene kholo lililonse lingathe kuchita popanda kugula kanthu. Tinadula mbatatesi imodzi m'timizere tonga tchipisi, tina tinaika m'kapu ya madzi a pampopi, tina m'kapu ya madzi amene tinasungunuliramo masipuni awiri a mchere. Patatha ola limodzi ndi theka, ta m'madzi wamba tinali tolimba moti ukatipinda timathyoka ndi kaphokoso, pamene ta mumchere tinali tofewa, topindika ngati lamba. Mchere unakoka madzi kuchoka m'maselo, monga momwe kabichi wodula amatulutsira madzi ukamuwaza mchere, ndipo n'chifukwa chomwecho mbewu imapserera ukaithirira feteleza wambiri pafupi ndi tsinde nthaka ili youma. Kwathu bambo anga ankandichenjeza za fetelezayu ndili mnyamata, ndipo chifukwa chake ndachidziwa ndili ndi zaka zoposa 40, kuchokera m'buku la mwana wanga.

Pa chifanizocho tinagwiritsa ntchito thumba lapulasitiki loonekera, la mtundu wotseka ndi zipi, limene tinathiramo madzi osakaniza ndi kadontho ka utoto wabuluu wa zakudya. Tinayamba taganiza za baluni, koma baluni amaphulika msanga akakhudzana ndi waya kapena nsonga ya ndodo ya chizindikiro, ndiponso amakhala wozungulira moti sagona bwino m'katoni ya makona anayi. Thumbalo tinalidzaza pang'ono kupitirira theka, tinatulutsa mpweya wonse, tinamata kukamwa kwake ndi tepi, n'kulilowetsa m'thumba lina lachiwiri. Tinaligoneka panyuzipepala usiku wonse kuti tione ngati likudontha. Ndikulangiza kwambiri kuti vacuole ikhale yaikulu ndithu, yodzaza pakati ponse, chifukwa ana ambiri amaika kakang'ono pakona n'kuika nucleus pakati, zimene zimachititsa kuti chifanizocho chioneke ngati selo ya nyama yoikidwa m'bokosi.

Cytoplasm tinaipanga ndi mapepala oyera ofewa amene tinawanyika m'phala lopyapyala la ufa wa kondowole, lomwe kumudzi tinkamatira mabuku ong'ambika, ndipo tinawayala pansi ndi m'mbali mozungulira malo a vacuole. Anatenga masiku atatu kuti aume chifukwa mvula inkagwa pafupifupi madzulo aliwonse, choncho ntchito imeneyi musaisiyire tsiku lomaliza. Nucleus inali theka la mpira wakale wa tenisi, ndipo mkati mwake mwanayo anapindiramo ulusi wamitundumitundu woimira DNA, imene imasunga malangizo a zonse zimene selo imachita ndi maonekedwe amene mbewu imatengera kwa kholo lake. Anaiika m'mbali, itapanikizika pakati pa vacuole ndi khoma, monga mmene imakhalira m'selo yokhwima.

Ma chloroplast anali zitsekerero zobiriwira za mabotolo a zakumwa, zimene ana a pabwalo pathu anatitolera m'masiku awiri. Mkati mwa chilichonse anamatamo timabatani tobiriwira tosanjikizana titatu kapena tinayi, chifukwa chithunzi cha m'buku chinasonyeza kuti mkati mwa chloroplast muli timiyulu tonga ndalama zachitsulo zosanjikiza, momwe muli chlorophyll amene amakola kuwala kwa dzuwa. Ndi mphamvu ya kuwalako chomera chimaphatikiza madzi ndi mpweya wa carbon dioxide kupanga shuga, n'kutulutsa okosijeni amene timapuma. Tinaikamo khumi ndi awiri, onse m'mphepete mwa khoma, ngakhale kuti selo yeniyeni ya tsamba imakhala nawo makumi angapo. Mwanayo anafuna kuika ena pamwamba pa thumba la madzi chifukwa ankaoneka bwino, koma atayang'ananso chithunzi anawachotsa, popeza ma chloroplast amakhala mu cytoplasm osati mkati mwa vacuole. Apanso ntchito yanga inathandiza. Ndinamuuza za kapinga amene ukaiwalapo thabwa kapena chidebe kwa sabata amasanduka wachikasu, komanso za chimanga chimene masamba ake amachita chikasu chikasowa feteleza wobereketsa, ndipo iye anapeza kuti nitrogen wa m'fetelezayo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapanga chlorophyll.

Panali mfundo ina imene inatsala pang'ono kutisocheretsa. Kusukulu anali ataonetsedwa kachikopa ka anyezi pa maikulosikopu, ndipo mwanayo anaona timabokosi tondandalikana ngati njerwa koma popanda chobiriwira chilichonse, choncho anayamba kukayikira ngati ma chloroplast ayenera kukhalamo. Yankho lake ndi lakuti si selo iliyonse ya chomera imene ili nawo. Mutu wa anyezi, mizu ndi chinangwa cha pansi panthaka sizipanga chakudya kuchokera ku dzuwa, motero maselo ake alibe ma chloroplast. Chifukwa cha zimenezi tinalemba pachivundikiro kuti chifanizo chathu ndi cha selo ya tsamba, osati ya chomera chabe, ndipo aphunzitsi anachitchula chimenechi pobweza malikisi.

Mitochondria tinapanga ndi makoko a mtedza ong'ambidwa pakati, opakidwa penti wofiira, mkati mwake muli kaulusi kopindidwapindidwa. Ntchito yake ndi kutulutsa mphamvu kuchokera m'shuga pogwiritsa ntchito okosijeni, usana ndi usiku womwe. Mwanayo ankaganiza kuti mitochondria ndi za nyama zokha ndipo zomera zili ndi ma chloroplast m'malo mwake, zomwe ndi zolakwika zimene ndamva kuti ana ambiri amakhala nazo. Tinakambirana motere: kulima chimanga ndi ntchito ina, kuphika nsima n'kudya ndi ntchito inanso, ndipo banja lokolola nkhokwe yodzaza lingagonebe ndi njala ngati palibe wosonkha moto. Muzu wa chinangwa suona dzuwa, koma umakula n'kuboola nthaka youma, ndipo mphamvu imeneyo umaipeza potentha shuga wotumizidwa kuchokera kumasamba.

Zigawo zina zimene zimaoneka pazithunzi za pa intaneti, monga ribosomes, Golgi body ndi endoplasmic reticulum, tinazisiya dala. Sizinali papepala la aphunzitsi, mwanayo anali asanaziphunzire, ndipo maganizo anga ndi akuti chigawo chimene mwana sangathe kuchifotokoza chimangomuika pachiswe akafunsidwa. Tinapewanso nyemba, mpunga ndi maswiti, ngakhale kuti n'zosavuta kupeza, chifukwa chinthu chokhala m'kalasi sabata yathunthu nyengo yotentha chimaitana nyerere ndi mphemvu. Phala la kondowole nalonso likhoza kuchita nkhungu ngati silinaumitsitse, choncho litauma tinapakapo guluu woyera wamatabwa wosungunula ndi madzi pang'ono. Guluu ameneyo ndi tepi ndizo zinthu zokha zimene tinagula ulendo wachiwiriwu.

Zizindikiro za mayina zinatidyera usiku wathunthu, ndipo ndikuona kuti nthawiyo sinapite pachabe. Dzina lililonse analilemba ndi zilembo zazikulu pakapepala kolimba, n'kukamata pa kamtengo kotokosera m'mano, ndipo kamtengoko kanabayidwa pa chigawo chenichenicho, kupatula ka vacuole kamene tinakamata ndi tepi kuti kasaboole thumba. Mkati mwa chivundikiro anamatamo pepala la mizere itatu: dzina la chigawo, chimene wagwiritsa ntchito, ndi ntchito ya chigawocho m'chiganizo chimodzi. Ndinamuuza kuti ayerekeze kalembedwe ka dzina lililonse ndi ka m'buku chilembo ndi chilembo, ndipo anapeza kuti anaiwala "h" m'mawu akuti mitochondria. Anaphunziranso kuti kamodzi kamatchedwa mitochondrion, pamene mitochondria ndi tambiri.

Pali chiyeso chimene ndiyenera kuchinena poyera chifukwa chinandifikira inenso. Manja anga ndi ozolowera mpeni ndi waya, ndipo nthawi zambiri ndinkaona kuti ndikanadula kapena kumata bwino kuposa mwanayo, makamaka usiku pamene tonse tinali titatopa. Mkazi wanga ndi amene anandiletsa tsiku lina nditatenga chitsekerero kuti ndikonze mabatani amene anapendekeka. Anati: "Bambo ake, musiyeni. Kutsogolo kwa kalasi akaimako yekha." Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali kudula mpira wa tenisi, kubowola katoni ndi msomali, ndi kufunsa mafunso. Ndamva kuti makolo ena amagula zifanizo zopangidwa kale kapena kulipira munthu kuti awapangire, ndipo sindikuwaweruza, chifukwa ambiri a ife timachoka m'nyumba kusanache n'kubwerako kutada. Komabe mphindi makumi atatu zimene tinkakhala pansi usiku uliwonse zinali zokwanira, ndipo sizinafune kuti ine ndidziwe Chingerezi cha sayansi.

Tsiku lokapereka kunacha ndi mitambo. Tinachotsa thumba la madzi m'katoni n'kuliika palokha m'kontena ya chakudya, chifukwa madzi olemera akamagwedezeka m'takisi amatha kuzula zinthu zomatidwa. M'malo mwake tinadzazamo nyuzipepala zofwanyafwanya kuti zizindikiro zisagwe, tinatseka chivundikiro, n'kukulunga katoni yonse m'majumbo awiri. Ndinamuuza kuti aifukate pamiyendo ndipo asalole kuti iikidwe pansi pa mpando. Tisanatuluke ndinajambula chifanizocho ndi foni kumbali zonse, kuti ngati chingawonongeke panjira pakhale umboni wosonyeza aphunzitsi. M'chikwama chake munali tepi, timitengo tapadera tiwiri, ndi kabotolo ka tizidutswa ta mbatatesi tija, tolimba ndi tofewa, timene tinakonzanso m'mawa womwewo.

Madzulo anandisimbira mmene zinayendera. M'kalasimo munali zifanizo zokongola kuposa chake, zina za keke ndi zina za mipira yoyera yogula m'sitolo yopakidwa mitundu yowala, ndipo anati poyamba anachita manyazi ndi katoni yake ya khaki. Nthawi yake itakwana anafotokoza chigawo ndi chigawo, anapereka tizidutswa ta mbatatesi kuti anzake atigwire, ndipo anatchula za tayala ndi chubu. Aphunzitsi anamufunsa mafunso awiri: chifukwa chimene katoni yake sinali yobiriwira, ndi chifukwa chimene chomera chimafunikira mitochondria pamene chili kale ndi ma chloroplast. Onse awiri anawayankha, ndipo pa lachiwirilo anasimba za muzu wa chinangwa, zimene zinachititsa kuti afotokozenso chinangwacho kwa anzake ena amene sanachidyepo. Anataya malikisi pamalo amodzi, chifukwa chizindikiro cha cytoplasm chinali chitagwera pafupi ndi cell membrane ndipo sichinkaoneka bwino chimene chikuloza, choncho ndikulangiza kuti chimenechi muchimate ndi guluu pamalo otakasuka, kutali ndi khoma.

Patatha sabata anabwera nacho kunyumba chili bwinobwino, ngakhale kuti makoko awiri a mtedza anali atamatuka. Tinataya madzi a m'thumba, tinaumitsa katoniyo padzuwa, n'kuisunga pamwamba pa wadiropu, chifukwa aphunzitsi anawauza kuti amene adzasankhe Life Sciences mu Giredi 10 adzabwereranso ku selo ndi kuphunzira zigawo zimene tinazisiya zija. Mnyamata wa mayi a ku Zomba aja ali mu Giredi 8 chaka chino, ndipo wayamba kale kusunga zitsekerero zobiriwira m'chitini. Mwana wanga wamulonjeza kuti adzamuonetsa za mbatatesi ndi mchere, koma katoni yake wamuuza kuti sadzamubwereka.